Nkhokwe ndi Nkhoswe: Mbiri ya Mkazi Wozunzika ku Dziko la Nselema

Munthu wochokera ku Liwonde akatsata mseu wa ku Ntaja, napitirira ngati alikumka ku Chiponde, afika pa Nselema. Dziko limeneli tilidziwa bwino: minda ya chimanga ndi nandolo, madambo a mpunga, ndi misika m'mene agulitsa matemba ndi milamba ya ku Chiuta. Tidziwanso kanthu kena kamene mlendo wopita pa mseu sangathe kukaona. M'midzi yathu muli nyumba zina m'mene usiku mumamveka kulira kwa munthu wamkuru. Ndipo kukacha mkazi aturuka diso liri lotupa, nauza anzache pa chitsime kuti chikuni chinamlumphira powaza nkhuni. Anzachewo sayankha kanthu, pakuti adziwa. Koma wina akalimba mtima namfunsa pa mbali kuti, "Nanga inu mukhaliranji?" yankho limakhala limodzi kuli konse: "Ndikachoka, ine ndi anawa tikadya chiani?"

Mwezi uno tifuna kulondola mbiri ya mau amenewa. Ambiri ayesa kuti mkazi wakhala akudya za m'dzanja la mwamuna chiyambire dziko. Koma tikafunsa kwa akuru, ndi kwa iwo amene analemba za makolo athu, tipeza kuti kuno kwathu sikunali chomwecho. Inalipo nthawi imene mkazi mfulu sanafunse funso limeneli konse, pakuti ukwati ukaipa wochoka sanali iye ai.

MASIKU A MBUMBA

Ayao otchedwa Amachinga anatsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa, m'dziko limene lero tilitcha Mozambique, m'zaka za pakati pa 1850 ndi 1870. Ndipo mafumu ao, monga Kawinga, Liwonde ndi Malemia, anakhazikika pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Anapeza Anyanja ali kale m'dzikomo, ndipo pambuyo pache anadza Alomwe. Mitundu itatu iyi inasiyana zinenero, koma pa za ukwati inali ndi mwambo umodzi, ndiwo chikamwini.

Mnyamata akakonda namwali sanapereke ng'ombe monga achitira Angoni a kumpoto. Ankhoswe a mbali ziwiri anakomana napangana. Ndipo mnyamatayo ananyamula mphasa yache ndi nkhwangwa yache, nakamanga nyumba pa mudzi wa mkazi. Munda umene analima unali wa kuchikazi. Nkhokwe inaima pa khomo la mkazi, ndipo ndiye amene anadziwa muyeso wa dzinthu zotapa tsiku ndi tsiku. Ana obadwa anali a mtundu wa mai wao. Ndipo wowayang'anira pa milandu, pa matenda ndi pa maliro anali mlongo wa maiyo, mwini mbumba, amene ana amtcha malume kapena mjomba.

Tsono mkamwini akakhala wa nkhanza, mkazi sanasowe kothawira. Amache anali m'nyumba ya pafupi, ndipo abale ache anasinja naye pa mtondo umodzi. Kulira kwa usiku kunagwa m'makutu a eni ache. M'mawa ankhoswe anaitanidwa, mlandu unakambidwa, mwamuna anadzudzulidwa, kapena analipa nkhuku. Akabwereza kawiri katatu osamva, ukwati unasudzulidwa. Mwamunayo anapinda mphasa yache, natenga nkhwangwa yache, nabwerera kwao. Mkazi anatsala m'nyumba momwemo pamodzi ndi ana. Dzinthu zimene awiriwo analima pamodzi ankhoswe anatha kuzigawa, koma nthaka sinagawike, pakuti inali ya mbumba. Mkamwini anali mlendo, ndipo akuru anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Izi si nthano za pa moto. M'zaka za 1946 kufikira 1949 munthu wina wofufuza za miyambo, dzina lache J. Clyde Mitchell, anakhala m'midzi ya Ayao a dziko lino, nawerenga nyumba, nafunsa mibadwo ya eni ache, namvera milandu pa mabwalo. Ndipo buku lache lotchedwa The Yao Village linaturuka m'chaka cha 1956. Iye anapeza kuti mudzi wa Chiyao unamangidwa pa mbumba, ndiyo akazi apachibale pamodzi ndi ana ao pansi pa mlongo wao. Kuti chibale cha munthu ndi mlongo wache chinali cholimba koposa pangano la ukwati. Ndi kuti maukwati anatha kawiri kawiri.

Tisayese kuti masikuwo anali opanda misozi. Atsikana anakwatiwa akali ang'ono; mafumu ndi eni midzi anatengera akazi ao ku midzi yao, kutali ndi abale; mlongo yemwe nthawi zina anali wouma mtima; ndipo ana ambiri analeredwa ndi amuna amene sanawabale. Koma chinthu chimodzi chiri chosakanika: mkazi mfulu anaima pa mizati iwiri. Anali nayo nkhokwe, ndiko kuti chakudya chimene mwamuna sanathe kupita nacho. Ndipo anali naye nkhoswe, ndiye munthu womnenera.

MKAZI WOPANDA NKHOSWE

M'midzi yomweyo munali mkazi wa mtundu wina, ndipo tikamuiwala mbiri yathu ikhala ya bodza. Mafumu a masiku aja anachita malonda ndi anthu a ku nyanja ya mchere. Anatumiza minyanga ya njobvu ndi akapolo ku Kilwa ndi ku Quelimane, nalandira nsaru, mfuti ndi onga. Koma si onse ogwidwa amene anapita ku gombe. Akazi ambiri anasungidwa kuti akhale akazi a ambuye ao, ndipo chifukwa chache nchosabvuta kuchiona. Ana a mkazi mfulu anali a malume ao. Koma ana a mdzakazi analibe malume wodzawatenga, chotero anatsala m'dzanja la atate wao, nakulitsa mudzi wache.

Duff Macdonald, amene anali m'busa pa Mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 kufikira 1881, analemba za miyambo ya Ayao m'buku lache lotchedwa Africana, lofalitsidwa m'chaka cha 1882. Ndipo momwemo tiona kusiyana kwa mfulu ndi kapolo. Mdzakazi analowa m'nyumba popanda ankhoswe. Munda umene analima sunali wa mtundu wache. Akamenyedwa panalibe womuitanira mlandu. Mbuye wache anatha kumgulitsa, kapena kumpereka kuti alipire mlandu wa wina. Akafuna kuthawa anayenera kusankha: kusiya ana, kapena kulowa nao m'thengo la zirombo ndi la anthu ogwira anzao. Ameneyo ndiye mkazi woyamba m'dziko lino amene anati, "Ndikachoka ndikadya chiani?"

Ngakhale chomwecho ena anathawa. Pamene Mishoni ya Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1876, akapolo othawa anayamba kusonkhana pamenepo, ndipo eni ao anadza kudzawafuna ndi mkwiyo. M'chaka cha 1884 Alexander Hetherwick anatsegula Mishoni ya Domasi m'dziko la Malemia. Boma la Angerezi linadza ndi Harry Johnston m'chaka cha 1891, ndipo m'chaka cha 1895 linagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala ndi Jalasi pa phiri la Mangochi. Malonda a akapolo anatha. Martin Chanock, amene anasanthula mabuku a milandu ya masiku oyambawo nalemba za iwo m'chaka cha 1985, aonetsa kuti akazi ambiri anadza okha ku mabwalo a Boma kudzapempha kumasulidwa kwa amuna amene anawatenga mwa ukapolo, ndi kuti a Boma anabvutika kusiyanitsa ukwati ndi ukapolo. Khomo litangotseguka pang'ono, akaziwo sanachedwe kuturukirapo.

Pano tinene kanthu kamene kadzadabwitsa ena. Masiku omwewo mkazi wa ku Mangalande anali womangika pa za chuma koposa mkazi mfulu wa kwa Kawinga. Kwa zaka mazana chuma cha mkazi wokwatiwa kumeneko chinali m'dzanja la mwamuna wache. M'chaka cha 1878 ndi pamene anaika lamulo lakuti mkazi amene mwamuna wache watsutsidwa pa mlandu wa kummenya koopsa aloledwe kukhala pa yekha, nalandire ndalama za chakudya. Ndipo m'chaka cha 1882, chomwe chija Macdonald anaturutsa buku lache, ndi pamene mkazi wokwatiwa analoledwa kukhala mwini wa chuma chache chonse. Chotero tisamanene kuti ufulu wa akazi unadza ndi sitima. Makolo athu anali nao wao, womangidwa pa nthaka.

NDALAMA ZILOWA M'MUDZI

Msonkho ndiwo unayamba kugwedeza mizati iwiri ija. Boma linaika msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa chaka. Ndipo kuyambira 1902 unakwera kufika masheleni 6, koma munthu wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi analipira theka lokha. Taonani tsono chimene chinachitika. Nyumba inali pa mudzi wa mkazi, koma msonkho wache unafuna ndalama. Ndipo ndalama zinali kwa mwamuna, pakuti ndiye analembedwa nchito ya mtengatenga, ya m'minda ya Azungu, ndi ya usilikari wa Keyala ku Zomba. Mkazi asanapirikitse mkamwini wa nkhanza anayamba kulingalira kuti, "Akachoka uyu, msonkho adzakhoma ndani?" Mlongo wache anali ndi msonkho wache ku mudzi kumene anakwatira. Ndipo nthawi zina amithenga a Boma anagwira akazi a amuna osakhoma, nawasunga kufikira ndalama zitaoneka.

Pambuyo pa msonkho panadza zofuna zatsopano. Chiwondo chinatha, ndipo nsaru inali ya m'sitolo ya Mmwenye; mchere, sopo, palafini ndi ndalama za sukulu, zonsezi sizinatapidwe m'nkhokwe. Thonje la ku Balaka ndi fodya zinabweretsa ndalama. Koma ngakhale mkazi anapalira ndi kutola nao, kawiri kawiri wopita ku msika ndi kulandira ndalamazo anali mwamuna. Nkhokwe iima pa bwalo, ndipo ali yense aona ngati yadzala kapena yatsika. Koma ndalama ikhala m'thumba, ndipo thumba liyenda ndi mwini wache.

Amuna anayambanso kumka kutali, ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Bungwe limene Boma linaika m'chaka cha 1935, lotsogozedwa ndi Travers Lacey, linayesa kuti amuna a dziko lino okhala kunja anali pafupi 120,000, ndipo linadandaula ndi kupasuka kwa mabanja. Chigawo cha kumpoto ndicho chinapweteka koposa, koma ifenso tidziwa machona athu. Ndipo tisaiwale kuti wopita ku Joni sanali mwamuna wa mwini yekha. Analinso mlongo wa wina, nkhoswe ya wina. Mkazi akamenyedwa, womuitanira mlandu anali pansi pa mgodi.

Koposa zonse panali tauni. Kalaliki, wophika kapena telala wa ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Limbe anatenga mkazi wache kumka naye ku nchito. Kumeneko nyumba inali ya kampani kapena ya lendi, munda panalibe, ufa unali wogula, ndipo amache anali ulendo wa masiku. Mwana wa mfulu, wobadwira m'mbumba yaikuru, anapezeka ali monga mdzakazi uja wa kale: wopanda nkhokwe, wopanda nkhoswe wa pafupi.

Malamulo a masikuwo sanamthandize kweni kweni. Ukwati womangidwa pa lamulo la Boma la 1902 unatha kumasulidwa ku Bwalo Lalikuru lokha, kumene mkazi wa ku mudzi sakanatha kufika. Lamulo la 1923 linalola Akristu kudalitsa ukwati mu mpingo, ukwatiwo nukhalabe pansi pa mwambo wa makolo. M'chaka cha 1933 mafumu anapatsidwa mabwalo ao a milandu. Ndipo Chanock aonetsa kuti akuru ambiri a masikuwo, podandaula kuti akazi apulukira, anayesetsa kumanga maukwati molimba koposa kale, nanena kuti ndiwo mwambo wa makolo. Mipingo nayo inaphunzitsa za mkazi mmodzi ndi za ukwati wosatha, ndipo chiphunzitsocho chinapulumutsa akazi ambiri ku mitala ndi ku kutayidwa chabe. Koma tibvomere cholakwa chathu: alangizi ambiri anasunga liu limodzi lokha, lakuti "Pirira," nalinena kwa womenyedwa, osanena kanthu kwa womenya.

NJALA YA 1949

Chaka cha 1949 chinaonetsa poyera m'mene zinthu zinasinthira. Mvula inadula kumapeto kwa 1948, mbeu zinauma m'minda ya chigawo cha kumwera, ndipo nkhokwe zinati gwa, zopanda kanthu. Megan Vaughan, amene anafunsa okalamba a m'boma la Blantyre nalemba buku la njalayo m'chaka cha 1987, anapeza kuti amuna ndi akazi anaikumbukira mosiyana. Amuna anasimba za maulendo atali ofuna chakudya. Akazi anasimba za kusiyidwa, nati chinali chaka cha kutha kwa maukwati. Pakuti akamwini ambiri anapita kwao kukasuma, ndipo ena sanabwerere, ena anakakwatira komweko.

Boma linagulitsa chimanga, ndipo ogwira nchito za Boma ndi za makampani analandira phoso. Koma ogwira nchitowo ambiri anali amuna. Akazi amene anapeza ndalama pofulula mowa anasowa chofululira. Ndipo pogawa chakudya chaulere kwa osowa, mkazi wokwatiwa anayesedwa kuti ali naye womdyetsa, chinkana mwamunayo anali atasowa miyezi. Amene anali ndi mwamuna wokhulupirika wa pa nchito anadya. Amene analibe anakumba mizu. Atsikana amene anaona zimenezo ndiwo anadzakhala agogo athu, ndipo sitidabwa kuti anatiphunzitsa kugwiritsa mwamuna wa malipiro, ngakhale akhale wa dzanja lolemera. Njala ndiyo inalankhula mwa iwo.

Kuyambira pamenepo nthaka yakhala ikuchepa. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'Malawi anali pafupi 4 miliyoni. Pa wa 2018 anapitirira 17 miliyoni ndi theka. Munda umene unadyetsa mbumba yonse wagawidwa kwa ana akazi ndi adzukulu kufikira watsala ngati mphasa, ndipo subala popanda feteleza wa ndalama. Mkazi wa ku Nselema akhoza kukhala pa nthaka ya amache, m'nyumba ya pa mudzi wa kwao, nakhalabe wodikira ndalama za mwamuna amene ali ku Johannesburg kapena pa malonda a nsomba.

MWANA WA KWA MALEMIA

Njala ija itangotha, pa 12 April, 1950, kwa Malemia m'boma la Zomba kunabadwa mwana wamkazi amene dziko lonse limdziwa ndi dzina lakuti Joyce Banda. Timtchula pano chifukwa iye mwini anasimba poyera za ukwati wache woyamba. Pofika zaka 25 anali ndi ana atatu, ndipo analikukhala ku Nairobi m'dziko la Kenya, kutali ndi mbumba yache, mu ukwati umene iye anati unali wa nkhanza. Kumeneko anaona akazi a ku Kenya akusonkhana ndi kunenera za ufulu wao, nalimba mtima; anatenga ana ache atatu nachoka, ndipo ukwatiwo unatha m'chaka cha 1981.

Chimene anachita pambuyo pache ndicho chitiphunzitsa. Anayamba malonda a kusoka zobvala, napeza chache cha iye yekha. M'chaka cha 1990 anayambitsa bungwe la National Association of Business Women, lophunzitsa akazi malonda ndi kuwathandiza kupeza ngongole zoyambira. Pakuti anazindikira kuti akazi ambiri akhala m'nyumba za nkhanza chifukwa cha chakudya. Anakhala nduna yoona za akazi ndi ana kuyambira 2004 kufikira 2006, nalimbikira kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja libvomerezedwe. Anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2009, ndipo pa 7 April, 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, analumbira kukhala mtsogoleri wa dziko, nakhala pa mpandowo kufikira 2014.

Za ndale zache ena amtama, ena amtsutsa. Zimenezo si za tsamba lino. Ndiponso tisanyoze mlongo wathu wa ku mudzi ndi kunena kuti, "Mnzako anachoka, iwe walepheranji?" Mai ameneyu anali ataphunzira sukulu, ndipo anadziwa nchito ya mu ofesi. Sukulu ndi malonda zinakhala kwa iye chimene nkhokwe inali kwa agogo ache.

MALAMULO A MASIKU ANO

Tiyenera kudziwa chimene lamulo linena, pakuti ambiri azunzika ali nacho chowaombola osachidziwa. Lamulo lalikuru la dziko la 1994, pa gawo 24, linena kuti ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho pamodzi ndi mwamuna, ndi chithandizo choyenera, poyang'ana mphamvu za mwamunayo ndi zosowa za ana.

Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja liwerenga kuti nkhanza si kumenya kokha. Kumana munthu zofunika za pa nyumba, kumlanda malipiro ache, ndi kumletsa kuchita malonda ololedwa, zonsezi ndi nkhanza. Bwalo la milandu likhoza kuletsa wozunzayo kuti asamyandikire kapena kumuopsa mnzache. Likhoza kulamula kuti wozunzidwa akhale m'nyumba, ndipo wozunza aturuke. Ndipo ngati nyumba iri ya lendi, likhoza kuiika m'dzina la wozunzidwayo. Sikuti mkazi yekha ndiye akadandaule. Kholo lache, mbale wache kapena wapolisi akhoza kukampemphera. Kodi simuona kuti uwu ndi mwambo uja wa kale wobvala zobvala zatsopano? Wa nkhanza ndiye apinde mphasa, ndipo mlongo ndiye akanene mlandu.

Lamulo la maukwati la 2015 linalinganiza maukwati onse, wa kwa Disi, wa chinkhoswe, wa mu mpingo ndi wa ku mzikiti. Ndipo bwalo likhoza kubvomereza monga ukwati kukhalira pamodzi kwa zaka zosachepera 5. Pogawa chuma liyenera kuwerenga ndi nchito za pa nyumba zomwe, kuphika, kulera ana ndi zina zotere, chotero mwamuna sangathe kunena kuti, "Zonse ndinagula ndine." Lamulo lomwelo linaika zaka 18 kuti ndizo zoyambira ukwati, ndipo lamulo lalikuru linakonzedwa m'chaka cha 2017 kuti ligwirizane nalo. Mabwalo asungabe mwambo wathu wakuti mwamuna wa chikamwini ayenera kummangira mkazi nyumba kwao. Ku polisi kuli chipinda chotchedwa Victim Support Unit, cholandira madandaulo otere.

Komatu lamulo liri pa pepala, ndipo njala iri m'mimba. Pa kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016, akazi 42 mwa 100 ali onse amene anakwatiwapo ananena kuti anazunzidwapo ndi amuna ao, pa thupi, pa mphasa kapena pa mau. Tidziwa tonse za akazi amene anakadandaula lero, ndipo mawa lache anabwerera kukapempha kuti mlandu uthe, poopa kuti mwamuna akamangidwa ana agona ndi njala. Ulendo wa ku bwalo ufuna ndalama ya galimoto. Ndipo chinkana bwalo lilamule kuti mwamuna apereke ndalama mwezi ndi mwezi, iye akaoloka malire ndani adzamtsata?

CHIMENE CHITSALIRA IFE

Mbiri iyi itiuza kuti mkazi sakhala m'nyumba ya nkhanza chifukwa cha kupusa, kapena chifukwa cha kukonda ndodo. M'mibadwo yonse, pamene anali ndi chakudya chache ndi womnenera, anadziombola. Pamene anasowa ziwirizi, anapirira kufikira ena analemala, ena anafa. Boma laika malamulo, koma silingathe kukhala mlongo wa munthu. Nchito imeneyo ndi yathu.

Inu eni mbumba, musagulitse munda wa mlongo wanu chifukwa iye ali ku tauni kapena ku chitengwa. Mundawo ndiyo njira yache yobwerera. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Mwana wanu wamkazi akafika usiku ndi ana ku msana, musamfunse za manyazi a mtundu. Myalireni mphasa, ndipo za mlandu mukambe kutacha. Inu ankhoswe, kumbukirani kuti simunaitanidwe kudzadya nkhuku yokha. Kubweza mkazi kwa mwamuna amene wamtema kapena wamuopsa ndi imfa, popanda kanthu kosintha, si kumanga banja. Mwazi ukakhetsedwa udzafunsidwa kwa inunso. Pitani naye ku chipatala, pitani naye ku polisi, ndipo muime naye pa bwalo.

Inu amai a m'magulu a mpingo ndi a banki m'khonde, mulandireni mnzanu wotere, mumgawire poyambira malonda, chinkana ndi lichero limodzi la tomato. Mutu umodzi susenza denga. Makolo, sungani atsikana pa sukulu, pakuti nthaka yachepa, ndipo munda umene ungathe kupita ndi mwana kuli konse ndiwo wa m'mutu. Ndipo ife akuru a mpingo, pamodzi ndi anansi athu Asilamu amene tikhala nao midzi imodzi ndi kukwatirana nao, tiphunzire kunena ndi womenya poyamba. Kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako ndiko ukwati. Koma palibe pangano limene mkazi analumbira kuti adzapirira chikwanje.

Ife amene tilemba izi tifuna maukwati olimba, monga afunira owerenga athu onse. Mwamuna wabwino sataya kanthu mkazi wache akakhala ndi munda wache, ndalama zache ndi abale omuyang'anira. Woopa zimenezi ndi yekhayo amene afuna kuti mnzache akhale chifukwa cha kusowa kopita. Tsono usiku wina kulira kuja kukamvekanso ku nyumba ya pafupi, tisatembenukire ku khoma ndi kunena kuti za m'banja salowerera. Makolo athu analowerera, nadzuka, nakagogoda pa chitseko.